Mlonda ali kale m'rauta yanu: mmene mungatchere firewall ya panyumba

Tikamva zoteteza kompyuta, ambirife timathamangira kuganiza za antivayirasi. Komatu m'nyumba iliyonse momwe muli Wi-Fi muli kale chida china cholondera usana ndi usiku, chimene eni ake ambiri sanachitsegulepo n'kamodzi komwe. Ndikunena kabokosi kaja ka timagetsi tothwanima, rauta, kaya ndi TP-Link ya tinyanga, kaya ka MiFi ka Huawei kapena ZTE kolowetsa simu khadi, kaya ija yobwera ndi Starlink. Pafupifupi zonsezi zili ndi firewall mkati mwake, mlonda wotchinga mauthenga osaitanidwa ochokera pa intaneti, ndipo munailipira kale tsiku limene munagula rautayo. Chatsala n'kuitchera bwino. Pezani ola limodzi, laputopu kapena foni, kope ndi cholembera.

Dziwani kaye chimene mlondayu amachita

Kumbukirani sukulu yogonera komweko yokhala ndi bokosi limodzi ku positi ofesi. Ana mazanamazana amalemba makalata, mayankho onse n'kubwerera pa adiresi imodzi, ndipo mphunzitsi woyang'anira ndiye amadziwa kuti kalata iyi ndi ya uje. Rauta imatero. Kunja kuno pa intaneti, nyumba yanu yonse imaoneka ndi adiresi imodzi. Mkati, rauta imagawira foni, laputopu ndi TV maadiresi apanyumba, aja oyamba ndi 192.168 kapena 10, omwe sayenda pa intaneti. Njira imeneyi ndiyo NAT. Pamwamba pake pali ina yotchedwa SPI, yomwe ili ngati kaundula wa pageti: mukatsegula Facebook, rauta imalemba kuti foni yakuti yaitanitsa tsamba kwa seva yakuti. Yankho likafika, imaona mu kaundula, n'kulilowetsa. Kukafika uthenga umene palibe anauitanitsa, imautaya pomwepo, kompyuta yanu osadziwa n'komwe kuti kunabwera mlendo.

Alendo oterewa sasowa. Pali makina amene ntchito yawo n'kungoyendayenda pa intaneti kugogoda adiresi iliyonse, kuyesa makomo. Chipangizo chilichonse chili ndi makomo 65,535 okhala ndi manambala, ndipo m'menyu mudzawapeza akutchedwa port. Khomo 80 ndi 443 ndi a masamba a pa intaneti, 445 ndi logawanira mafayilo mu Windows, 3389 ndi loyendetsera kompyuta munthu ali kutali, 23 ndi la Telnet, njira yakale yolamulira chipangizo munthu ali kutali. Mu Ogasiti 2003, vayirasi ya Blaster inkalowa m'makompyuta a Windows XP kudzera pa khomo 135, mwini wake asanadine kalikonse. Kungolumikiza kompyutayo mwachindunji ku intaneti kunali kokwanira. Yomwe inali kuseri kwa rauta, kugogodako kunkathera pageti.

Chimene ndimakondera firewall ya m'rauta n'chakuti ili payokha. Vayirasi ikalowa mu laputopu itha kuzimitsa chitetezo cha mu laputopumo, koma kabokosi kali pakhoma kaja sikakhudzidwa msanga. Komanso imaphimba zinthu zomwe simungaikemo antivayirasi, monga TV, pulinta ndi makamera a CCTV. Vuto lake ndi limodzi, ndipo malangizo onsewa atsamira pamenepo: mlondayu amayang'ana kunja kokha, ndipo amamvera aliyense wam'nyumba amene wamuuza kuti atsegule.

Choyamba, lowani m'rauta

Itembenuzeni. Pansi pake pamakhala kapepala komatidwa kolembedwa adiresi, dzina lolowera ndi pasiwedi. Pa MiFi, vundukulani chivindikiro cha batire. Maadiresi ofala ndi 192.168.0.1 ndi 192.168.1.1, ndipo zambiri za Huawei zimakhala pa 192.168.8.1. Ngati kapepalako kanafufutika, pa Windows tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, muone nambala yomwe ili pa mzere wa Default Gateway. Pa foni, dinani dzina la Wi-Fi imene mwalumikizako, muone pomwe alemba Gateway kapena Router.

Lembani nambalayo mu Chrome kapena Firefox, pamwamba paja polemba adiresi. Ikakuchenjezani kuti tsambali si lotetezedwa, pitirizani. Marauta ambiri amatero ngakhale ali bwinobwino. Ya Starlink ndi yosiyana: imayendetsedwa ndi pulogalamu ya pafoni, ndipo zosintha zake n'zochepa, choncho zina mwa zomwe ndikambe pano simuzipezamo.

Musanasinthe kanthu, jambulani tsamba lililonse ndi foni. Ngati pali batani la Backup, lidineni musunge fayiloyo. Mukadzasokoneza, mudzakhala ndi pobwerera.

Chachiwiri, sinthani pasiwedi ya rauta yeniyeniyo

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Pali mapasiwedi awiri. Ina ndi ya Wi-Fi, ija alendo amapempha akangokhala pansi. Inayo ndi ya admin, yolowera m'menyu momwe muli panomu. Ambiri amasintha yoyambayo, yachiwiri n'kuisiya ili admin, admin monga inachokera ku fakitale. Amene ali ndi yachiwiriyi ndiye bwana wa mlonda: atha kuzimitsa firewall, kutsegula makomo, ngakhale kukutsekerani kunja eni akenu.

Si nkhambakamwa chabe. Mu 2016 kunabuka pulogalamu yoipa ya Mirai, imene inalibe luso lapadera lothyolera chilichonse. Inkangoyenda ndi mndandanda wa mayina ndi mapasiwedi a ku fakitale okwana pafupifupi 60, n'kumayesa pa khomo la Telnet la marauta, makamera ndi makina ojambulira a CCTV. Zipangizo mazana a masauzande zinatseguka. Pa 21 Okutobala chaka chimenecho, zipangizo zogwidwa choterezi zinagwiritsidwa ntchito kuthira nkhondo kampani ya Dyn ku America, imene inkathandiza masamba ambiri kupezeka pa intaneti, ndipo Twitter, Netflix ndi Reddit zinavuta kutsegula kwa maola angapo. Eni zipangizozo ankangoona intaneti ikuyenda pang'onopang'ono, osadziwa kuti kamera ya pakhonde pawo yalembedwa usilikali. Kwa ife ogula bandulo, rauta yogwidwa chonchi ikutanthauzanso data yomwe ikutha mukugona. Ku Britain, kuyambira pa 29 Epulo 2024, lamulo likuletsa kugulitsa zipangizo zoterezi zili ndi pasiwedi imodzimodzi yosavuta kulota, koma marauta akale adakali mbwee m'nyumba ndi m'misika.

Pitani pa Administration, System kapena Management, mupeze posinthira. Ikani pasiwedi yaitali, zilembo zosachepera 12, yosiyana ndi ya Wi-Fi. Mawu anayi kapena asanu a Chichewa osagwirizana, mutawalumikiza ndi manambala pakati, ndi abwino kuposa dzina la mwana wanu ndi chaka chobadwa. Ilembeni m'kope muja.

Ngati rauta munaigula kwa munthu kapena pamsika, musakhulupirire chilichonse chimene mwini wakale anasiyamo. Tengani kawaya kopyapyala, bayani kabowo ka Reset kwa masekondi pafupifupi 10 rauta ili yoyaka, muyambire pachiyambi.

Chachitatu, firmware

Rauta ndi kakompyuta, ndipo pulogalamu yoiyendetsa imatchedwa firmware. Nayonso imapezeka ndi ming'alu, ndipo opanga amatulutsa yatsopano yomata ming'aluyo. Mu Meyi 2018, akatswiri a Cisco Talos analengeza kuti pulogalamu yoipa ya VPNFilter yagwira marauta ndi zipangizo zina zosachepera 500,000 m'maiko 54, mpaka FBI inapempha anthu kuti azimitse n'kuyatsanso marauta awo. Zambiri mwa izo zinali zakale, zosamatidwa.

Funani polembedwa Firmware Upgrade kapena Update. Rauta zatsopano zili ndi batani loti ifufuze yokha. Ngati pali Auto Update, yatsani. Zakale zimafuna kuti mukatenge fayilo pa webusaiti ya kampani yopanga. Tengani kumeneko basi, ndipo onetsetsani kuti nambala ya mtundu wa rauta ndi kachilembo ka V1, V2 kapena V3 zikufanana ndi zomwe zili pa kapepala kaja. Chinthu china chofunika kwathu kuno: magetsi akathima firmware ili mkati molowa, rauta itha kufa osadzukanso. Chitani zimenezi rauta ili pa invata kapena UPS, ndipo MiFi ikhale yodzaza batire. Ngati n'kotheka lumikizani laputopu ndi chingwe cha Ethernet, osati pa Wi-Fi.

Mukapeza kuti kampani inasiya kalekale kutulutsa firmware ya mtundu wanu, yambani kusunga ndalama ya rauta ina. Palibe katcheredwe kamene kangamate mng'alu womwe uli mu pulogalamu yeniyeniyo.

Chachinayi, onani ngati firewall ili yoyaka

Apa mpachidule. Pa Security kapena Firewall, onani kuti SPI Firewall ili pa Enable. Pomwe pali Low, Medium ndi High, sankhani Medium, chifukwa High pa marauta ena imatsekanso mapulogalamu abwinobwino. Ngati pali mzere wa WAN Ping, uikeni poti rauta isamayankhe ogogoda akunja. Ndipo mukaona IPv6 Firewall, ikhale yoyaka ndithu. Pa IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi a pa intaneti, nthawi zambiri palibe NAT, chipangizo chilichonse chimakhala ndi adiresi yakeyake yofikirika kunja, ndiye chotchinga chokha chimene chatsala ndi firewall imeneyi.

Chachisanu, tsekani makomo amene anatsegulidwa ndi am'nyumba

Ntchito yeniyeni ili pano, ndipo musathamange.

Yambani ndi Remote Management, imene ena amaitcha Web Access from WAN. Ikayaka, tsamba lolowera lomwe mwatsegula lija limaonekanso kwa munthu ali ku Johannesburg kapena kwina kulikonse padziko. Palibe chifukwa choti banja wamba liisiye yoyaka. Zimitsani. Mukaona Telnet kapena SSH, njira inanso yolamulira rauta munthu ali kutali, zololedwa kuchokera kunja, nazonso zimitsani.

Kenako Port Forwarding, kapena Virtual Server. Mzere uliwonse pa tsamba limeneli ndi lamulo louza mlonda kuti aliyense wogogoda khomo lakuti umuperekeze mpaka kuchipinda. Werengani mzere ndi mzere. Umene simukuudziwa, ufufuteni. Mukapeza 3389, 445 kapena 23 zatsegulidwa, fufutani lero lomwe, pakuti amenewa ndi makomo omwe makina ogogoda aja amayambira, ndipo 3389 yakhala njira yodziwika ya akuba amene amakhoma mafayilo a munthu n'kumafuna dipo.

Pafupi pomwepo pali DMZ. Imeneyi imatenga chipangizo chimodzi n'kuchiika kunja kwa mpanda, makomo ake onse ali poyera. Ndaonapo kangapo m'nyumba ndi m'mashopu momwe munaikidwa makamera: woikayo, pofuna kuti bwana aone zithunzi pafoni msanga iye alandire zake azipita, amaika makina ojambulira mu DMZ, pasiwedi ili ya ku fakitale. Zimagwiradi ntchito tsiku lomwelo, koma ndiye kuti pabalaza panu pakuonekera kwa aliyense wodziwa kufufuza. Zimitsani DMZ, sinthani pasiwedi ya makinawo, ndipo muitaneni woikayo akulumikizireni kudzera pa pulogalamu ya kampani yopanga makamerawo, imene sifuna kutsegula khomo. Ngati mumafunadi kufikira kompyuta ya kunyumba muli kutali, njira yabwino ndi VPN, kanjira kotetezedwa kodutsa pa intaneti, ndipo marauta ena ali nayo kale mkati.

Tsopano UPnP. Iyi imalola chipangizo chilichonse cham'nyumba kudzitsegulira khomo pa firewall popanda kufunsa pasiwedi. Anaipanga kuti zinthu zisamavute, ndipo pa marauta ambiri imabwera ili yoyaka. Koma rauta sisiyanitsa pakati pa PlayStation ya mwana ndi vayirasi imene yalowa mu laputopu. Wopempha aliyense amatsegulidwa. Ine ndimati zimitsani, muone sabata imodzi. WhatsApp, YouTube, Zoom ndi mabanki zidzayenda monga kale, chifukwa zonsezi zimayamba ndi kupempha kuchokera mkati. Amene angadandaule ndi osewera magemu a pa intaneti, pamene makina awo ayamba kunena kuti NAT ili Strict. Zikatero, tsegulani pamanja makomo okhawo amene gemuyo ikufuna, kulozetsa ku makina amenewo basi.

Pali khomo lina, 7547, la njira yotchedwa TR-069, imene makampani a intaneti amayendetsera marauta a makasitomala awo ali ku ofesi. Mu Novembala 2016, mtundu wina wa Mirai unayesa kulowera pamenepa ndipo makasitomala pafupifupi 900,000 a Deutsche Telekom ku Germany anasowa intaneti. Ngati rauta munagula nokha, zimitsani TR-069 kapena CWMP. Ngati ndi ya kampani, isiyeni, chifukwa ndi momwe amakutumizirani firmware. Ingowafunsani ngati rautayo ikulandirabe zatsopano.

Chachisanu ndi chimodzi, Wi-Fi ndi khomo lakuseri

Munthu amene walowa pa Wi-Fi yanu wadutsa kale mlonda. Ali mkati, ndipo atha kuona pulinta, makamera ndi mafoda omwe makompyuta anu akugawana. WannaCry ya mu Meyi 2017, imene inafika m'maiko oposa 150 ndi kuimitsa ntchito m'zipatala zina za NHS ku Britain, inkayenda pa khomo 445. Ikangolowa mu kompyuta imodzi, inkadumphira pa zinzake za pa netiweki yomweyo, firewall ya pageti ili chiyang'anire kunja.

Pa Wireless Security, posankhira mtundu wa loko wa Wi-Fi, sankhani WPA3 ngati zipangizo zanu zonse zikuilola, apo ayi WPA2 ya AES. WEP ndi WPA yakale ya TKIP zisiyeni. WEP imathyoledwa pa mphindi zowerengeka. Zimitsaninso WPS, njira yolowera pa Wi-Fi ndi batani kapena PIN osalemba pasiwedi. Mu Disembala 2011, Stefan Viehböck anaonetsa kuti PIN ya WPS, ngakhale ili ndi manambala 8, rauta imaiyesa m'magawo awiri ndipo nambala yomaliza ndi yongotsimikizira, choncho wakuba amangofunika kuyesa kosapitirira 11,000. Akaipeza, rauta imam'patsa yokha pasiwedi ya Wi-Fi, ngakhale ikhale yaitali bwanji.

Kukana mlendo kapena mnansi pasiwedi n'kovuta pa chikhalidwe chathu, ndipo sindikukuuzani kuti muzikana. Yatsani Guest Network, muipatse pasiwedi yakeyake, ndipo onetsetsani kuti polembedwa zolola alendo kufikira netiweki yam'nyumba ndi pozimitsa. Alendo, alendi a kumpanda, ngakhale TV ndi makamera otchipa, onse apite kumeneko. Laputopu ya ntchito ndi mafoni a eni nyumba zitsale pa Wi-Fi yaikulu. Kumbukirani kuti mafoni a masiku ano amagawa pasiwedi ndi QR code, ndiye amene mwam'patsa mmodzi atha kugawira khumi. Ya alendoyo muziisintha pafupipafupi.

Tsegulaninso mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa, pa Connected Devices kapena DHCP Clients, muwerenge. Zikaposa zomwe mukuzidziwa, sinthani pasiwedi ya Wi-Fi. Kutseka munthu ndi MAC Filter kokha, yomwe imazindikira chipangizo ndi nambala yake, sikudalirika, poti mafoni ambiri amasintha nambala imeneyo okha.

Musanatuluke, suzumirani pa DNS, imene imasandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi yake, pansi pa WAN kapena Internet. Pazikhala Automatic, kapena manambala amene munaika nokha, monga 1.1.1.1 ya Cloudflare, 8.8.8.8 ya Google kapena 9.9.9.9 ya Quad9. Mukapeza achilendo, mwina wina analowamo, ndipo atha kumakulozerani ku tsamba labodza la banki inu mutalemba adiresi yolondola. Bayani Reset muyambirenso.

Chachisanu ndi chiwiri, yesani mpandawo kuchokera kunja

Muli pa Wi-Fi ya kunyumba, VPN ili yozimitsa, pitani pa grc.com mutsegule ShieldsUP, chida chaulere cha Steve Gibson. Dinani Proceed, kenako All Service Ports. Chidzagogoda makomo 1,056 oyambirira a adiresi yanu n'kukuonetsani timabokosi. Tobiriwira ndi Stealth, kutanthauza kuti khomo silinayankhe n'komwe. Ta buluu ndi Closed, lotseka koma layankha, ndipo palibe choopsa. Tofiira ndi Open: lembani nambalayo, mubwerere pa sitepe yachisanu mukaone chalitsegula. Pa tsamba lomwelo palinso poyesera ngati UPnP yanu ikuonekera kunja.

Koma samalani pomasulira zotsatirazi. Makampani ambiri a mafoni, ndi Starlink yomwe pa mapulani wamba, amaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, njira yotchedwa CGNAT. Onani WAN IP, adiresi yakunja ya rauta, pa tsamba loyamba la rauta yanu. Ikayamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena ikusiyana ndi yomwe ShieldsUP ikuonetsa, ndiye kuti chimene mwayesacho ndi geti la kampani, osati lanu. Zimenezi zimakutetezaniko ku ogogoda a pa IPv4, maadiresi a mtundu wakale, koma sizikhudza IPv6, Wi-Fi, kapena pasiwedi ya admin. Masitepe enawo achiteni ndithu.

Zimene mlondayu sangakuchitireni

Chilichonse chimene mwaitanitsa nokha amachilowetsa, chifukwa mu kaundula mwake chalembedwa kuti munachifuna. Linki ya pa WhatsApp yolonjeza data yaulere, pulogalamu yobedwa yomwe mwatsitsa kuti musalipire, tsamba lokupemphani PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, zonsezi zimadutsa pageti mwaulemu. Flashi yochokera kokajambulitsa mapepala sidutsa n'komwe pa rauta. N'chifukwa chake firewall ya mu kompyuta isazimitsidwe, ngakhale wina akuuzeni kuti ziwiri zimalimbana. Sizilimbana. Pa Windows tsegulani Windows Security, kenako Firewall & network protection, muone kuti zonse zitatu, Domain, Private ndi Public, zili zoyaka. Laputopu ikatuluka m'nyumba kupita pa Wi-Fi ya ku hotelo, ku koleji kapena ku ofesi ya ena, rauta yanu imatsala, ndiye netiweki imeneyo muisankhire Public. Ngati mukadali pa Windows 10, dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo kompyuta yotere ndiyo yoyenera kusamalidwa kwambiri pa zimene mukutsitsamo.

Mukamaliza, dinaninso Backup musunge katcheredwe katsopanoka pa flashi, ndipo m'kope muja lembani tsiku, adiresi ya rauta, mapasiwedi onse atatu, ndi khomo lililonse limene mwasiya lotsegula pamodzi ndi chifukwa chake. Pakatha miyezi itatu, lowaninso muone firmware, mndandanda wa zipangizo ndi tsamba la Port Forwarding. Ndipo tsiku lililonse limene rauta yabayidwa Reset, kaya ndi mwana, kaya ndi wokonza amene anabwera intaneti itavuta, zonse zimabwerera momwe zinachokera ku fakitale: pa marauta ambiri, admin, admin, WPS ndi UPnP zili zoyaka. Tsiku limenelo tengani flashi ija, pitani pa Restore, mubwezeretse fayilo yanu, kenako muyese kulowa ndi pasiwedi ya m'kope kuti mutsimikize kuti yagwira.